Manja Aatali a Malaya a Zeka

Ngauma, Lachinayi masana

Luzia mwana wanga,

Wapita ku Mandimba kukatsanzika azakhali ako, amayi ako ali kudimba, pakhomo pano tatsala ine ndi nkhuku. Ndatulutsa katebulo kaja n'kukaika pansi pa mtengo wa mango kuti ndikulembere. Ukundidziwa kuti pakamwa ndimazungulira mpaka womvera atatopa, koma papepala ndimayesako kulunjika. Kalatayi ndiibisa pansi pa zovala m'chikwama chako. Ukaiwerenge utafika ku Cuamba, utasamba ndiponso utadya. Usaitsegule m'chapa, minibasi ija, anthu angayambe kukufunsa chimene chakuliza.

Ndiyambe ndi kukuthokoza. Papita milungu itatu chiikireni mlongo wako Zeka m'manda, ndipo m'masiku onsewa ndiwe watigwira ife akuluakulu ngati ndife ana ako. Ndikuthokozanso chifukwa cha ntchito imene wasankha. Ndi pepala lako la unamwino ukanatha kulowa m'chipatala chachikulu, koma wapempha kukagwira kunyumba ija yosamalira anthu onga Zeka, kumene iye anakhala zaka khumi ndi ziwiri. Utatiuza, amayi ako anapita kuseri kwa nkhokwe kukalira, ine ndinangoti "chabwino" ngati wandiuza za mtengo wa mchere. Sikuti sindinakondwe. Ndinachita mantha, chifukwa pali zimene sukudziwa za nyumba imeneyo ndi za bambo ako.

Pamaliro unandifunsa chifukwa chimene ndinagwadira Mayi Asiyatu, amene amachapa zovala kumeneko, pamaso pa anthu onse. Ndinakuyankha kuti chinali chisoni chabe. Yankho lenileni ndi kalata ino.

Iwe unamudziwa Zeka ali wamkulu kale. Ine ndinamuona tsiku limene anabadwa osalira, azamba n'kumuwaza madzi ozizira mpaka anatsokomola. Thupi linakula bwino, koma mawu anatsalira m'mbuyo, ndipo mpaka imfa yake sanapitirire mawu owerengeka aja amene tonse tinkawadziwa. Anthu am'mudzi anali ndi dzina lawo lomutchulira, limene sindilemba pano. Mabuku amene ndinawerenga anali ndi mayina ena aatali a Chipwitikizi, koma palibe limene linandiuza kuti mwanayu adzakonda zinthu ziwiri moyo wake wonse: kuyenda, ndi chilichonse chokhala ndi gudumu. Kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, kumene iwe unabadwira, zimenezi sizinkavuta. Ankayenda tsiku lonse, dzuwa likapendeka wina n'kumubweza atamugwira dzanja, nthawi zina atamudyetsa kale.

Kulakwa kwanga koyamba kunachitikira pamalo pomwe ndakhala pano. Nkhondo itatha n'kubwerera kwathu, mudzi tinauzindikira ndi mtengo uno basi. Nyumba zinali zitagwa, minda itasanduka tchire, ndipo m'tchiremo munali mabomba okwirira pansi. Njira yodalirika inali imodzi yokha, yopita kuchitsime. Malo oopsa anawazungulira ndi miyala yopaka utoto wofiira, ndipo mwana aliyense anauzidwa kuti mwala wofiira suwolokedwa. Tsiku lina ine ndikufolera denga, Zeka anatulukira akumwetulira, atanyamula mwala wofiira m'manja awiri, n'kudzandipatsa ngati mphatso. Ndinatsika padenga chokhwekhwereza. Madzulo omwewo ndinatenga chingwe cha buluu chimene tinkamangira lona kumsasa, n'kumumanga m'chiuno, mbali inayo kumtengo uno. Ndinasiya chingwe chachitali kuti azifika pamthunzi ndi pamtsuko wa madzi. Sindikudziimba mlandu pa tsiku limenelo. Ndikanapanda kutero mwina tikanamutola zidutswa.

Chimene ndikudziimba nacho mlandu ndi chotsatira. Anthu ochotsa mabomba anabwera, anagwira ntchito miyezi ingapo, ndipo atamaliza anasewera mpira pamunda womwewo kuti tikhulupirire kuti palibe chatsala. Miyala yofiira inachotsedwa. Koma chingwe cha Zeka sichinachoke. Ndinali nditayambanso kuphunzitsa, sukuluyo ili pansi pa mtengo wina, amayi ako akuswa mphanje, ndipo kunali kosavuta kudziwa kuti mwana ali pamene tamusiya. Iwe unali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Tsiku lina ndinakupeza utagwada, ukulimbana ndi mfundo ndi mano. Ndinakufunsa chimene ukuchita, iwe n'kuyankha kuti, "Ababa, mabomba anatha." Ndinakumenya pachikhatho ndi rula ya kusukulu, kawiri. Sindikudziwa ngati ukukumbukira. Ine ndakhala ndikukumbukira zaka zonsezi, ndipo sindinakupepesepo. Pepa, mwana wanga. Unali wolondola ndiwe.

Ndiye mvera, Luzia. Kumene ukupitako ukapeza anthu otopa, ochepa pa ntchito yambiri, ndipo aliyense akakhala ndi chifukwa chomveka cha zimene akuchita. Wina akakuuza kuti chitseko ichi timakhoma kuti asapite kumsewu, wina kuti uyu timamupatsa mankhwala ogonetsa kuti asadzivulaze. Nthawi zina zikakhala zoona. Koma uzifunsa mumtima kuti kodi mabomba akadalipo, kapena anatha kale ndipo chingwe chatsalira kuti ife tipume. Funso limeneli uzidzifunsa mwezi ndi mwezi, makamaka pa zinthu zimene unayambitsa wekha.

Kulakwa kwachiwiri ndinakutenga kumsasa. Zaka zimene tinakhala kumeneko zinatiphunzitsa kuima pamzere ndi kunena zikomo. Ufa ukabwera wofumbwa unkathokoza, bulangete likakhala lalifupi unkathokoza, chifukwa wopatsidwa chinthu chaulere akayamba kufunsa amaoneka wamwano. Tinabwera nalo khalidweli pamodzi ndi mapoto athu. Choncho titamva kuti ku Cuamba anthu achifundo atsegula nyumba ya anthu olumala m'maganizo, ndipo Zeka atalandiridwa, ine ndinapita kumeneko ngati munthu wokalandira ufa. Ndinaona mabedi achitsulo, mpope wa madzi, mpanda wa njerwa woti mwana angayende m'kati mwake tsiku lonse popanda chingwe. Ndinathokoza aliyense, mpaka mlonda wa pachipata. Ndipo pofuna kusonyeza ulemu, ulendo uliwonse ndinkatumiza uthenga masiku atatu ndisanapite, kudzera mwa woyendetsa chapa wina wa kwathu kuno. Ndinkaona kuti kutulukira mwadzidzidzi kwa anthu amene akukusungira mwana ndi chipongwe. Tikafika, Zeka tinkamupeza atasamba, atametedwa, atakhala pabenchi ya kutsogolo, atavala malaya oyera a manja aatali omangidwa mabatani mpaka kumapeto. Amayi ako ankati, "Taonani, akuoneka ngati mlembi wa kuboma." Tinkaseka. Zinali choncho ngakhale mwezi wa Okutobala, kutentha kwa ku Cuamba ukukudziwa, ndipo palibe mwa ife amene anadabwa.

Woyang'anira chigawo cha amuna anali Bambo Kalisto. Apa pali kulakwa kwanga kwachitatu, kumene kumandichititsa manyazi kuposa kwina. Munthuyo ankalankhula Chipwitikizi chosalala ndipo ankakonda mabuku. Ukudziwa mmene ndinkasowera munthu wocheza naye za mabuku m'zaka zimenezo. Ndinkamubwereka, iye n'kundibwereka, ndipo theka la nthawi imene ndinayenera kukhala ndi mwana wanga ndinkaithera mu ofesi yake tikumwa tiyi ndi kutsutsana za zimene tawerenga. Ndinamukhulupirira chifukwa ankalankhula ngati ine. Tsiku lina ndinamuululira za chingwe ndi mtengo wa mango, zimene sindinauzepo ngakhale wansembe. Anandigwira phewa n'kunena kuti kholo lililonse likanachita chimodzimodzi. Ndinabwerera kunyumba mtima utapepuka.

Mayi Asiyatu ndinali ndisanawalankhulepo kupitirira moni. Ndinkangowaona kuseri, pa zingwe zoyanikira, atamanga mpango kumutu, manja atayera ndi sopo. Kwawo ndi ku Mandimba, Asilamu, amasiye, ndipo sukulu sanapiteko. Tsiku lina lopuma anakwera chapa kuchokera ku Cuamba, n'kutenga njinga ya hayala kuchokera pamsewu mpaka pakhomo pano. Iwe unali kusukulu. Tinawayalira mphasa, iwo anakana madzi osamba m'manja mpaka atanena chimene anadzera.

"Aphunzitsi," anatero, Chinyanja chawo chosakanikirana ndi Chiyao, "malaya a mwana wanu ndimachapa ndine. Kunja amayera. M'kati mwa manja ndi mmene ndimavutika namo."

Ndinawafunsa kuti akutanthauza chiyani.

"Magazi ndi mafinya. Amawamanga mikono kumabedi, onse amene amakonda kuyendayenda, kuyambira dzuwa likapendeka mpaka kutacha. A Kalisto amapita kukaona golosale yawo kumsika, anyamata awo awiri owathandiza ntchito n'kumagona. Wodziipitsira pabedi amalandira lamba."

Ndinati mwina sanaone bwino, poti Bambo Kalisto ndi munthu wophunzira.

Anayang'ana m'nyumba kudzera pakhomo, pamene pali mashelefu anga, n'kuseka pang'ono. "Mabuku onsewa, Aphunzitsi, palibe limodzi limene linakuuzani kuti mwana savala malaya a manja aatali mu Okutobala? Ine sindikupemphani kuti mundikhulupirire. Bwerani Lachiwiri m'mawa, osauza woyendetsa chapa wanu uja. Mulowere chipata cha kumbuyo, kumene ndimayanika. Mudzaone nokha."

Ndinawathokoza kwambiri, Luzia. Ndinawaphera nkhuku, ndinapempha mnansi wathu wachisilamu kuti adzaizinge kuti adye ndi mtima umodzi, ndinawaperekeza mpaka pamsewu. Ndipo Lachiwiri sindinapite. Amayi ako ndinawauza kuti ndi nkhani za nsanje za pantchito. Mumtima ndinkaopa zinthu ziwiri: kuti akaona kuti ndine wosayamika amubweza Zeka, ndiponso kuti ndikapita ndikapezadi zimene ndauzidwa.

Ukapinde manja a malaya, mwana wanga. Ngati uiwala zonse za m'kalata muno, ichi chokha usaiwale. Anthu amene ukawasamalire ambiri sangathe kukuuza chimene chawachitikira, ndipo amene angathe, anthu sawakhulupirira. Thupi lawo ndilo limanena. Powasambitsa uziyang'ana mikono, akakolo, msana. Uziona amene wasiya kudya, amene amabisala munthu wina akalowa, amene wayamba kudziipitsira pamene kale sankatero. Ndipo uzimvera ochapa, ophika ndi osesa. Iwe ukafika ndi pepala, iwo alibe, koma ndi amene amagwira zofunda m'mawa.

Nditalephera ine, Mayi Asiyatu anapita okha kwa anthu aboma oona za chisamaliro cha anthu. Nkhani itamveka, inawatembenukira. Bambo Kalisto ananena kuti mayiyo ndi amene amakanda ana powavula zovala, kuti amaba sopo, ndipo akuneneza ena pofuna kubisa zake. Akuluakulu a nyumbayo, amene ankakhala kutali n'kumangolandira malipoti olembedwa bwino, anakhulupirira wolemba malipotiyo. Mayi Asiyatu anachotsedwa ntchito. Komabe aboma anaitanitsa msonkhano wa makolo kuti amve mbali zonse. Nditafika m'mawa wa tsikulo, Bambo Kalisto anandilandira pachipata, n'kundibwezera buku langa lina.

"Inu ndi ine timamvana, Aphunzitsi," anatero motsitsa mawu, akumwetulira. "Tonse tikudziwa kuti ana awa nthawi zina amafuna chingwe. Koma alendowa sangamvetse. Akangoyamba kufunsa, mafunso ake akafika mpaka pa mtengo wanu wa mango."

Msonkhano unachitikira m'chipinda chodyera. Kutsogolo kunakhala mayi wina waboma ndi mlembi wake. Makolo tinalipo ochepa, tonse obwerera kuchokera kumisasa, tonse titavala zovala zathu zabwino. Mmodzimmodzi tinaimirira n'kuthokoza. Itafika nthawi yanga mayiyo anandifunsa ngati ndinaonapo chilichonse chokayikitsa pa mwana wanga. Ndinayankha kuti sindinaonepo kanthu. Mawuwo anali oona, chifukwa ndinali nditasamala kwambiri kuti ndisaone. Mlembi analemba, ine n'kukhala pansi.

Anatipatsa nthawi yopuma, ndipo ndinatuluka kukatsanzika Zeka. Ndinali nditabwereka njinga kwa mnzanga wa ku Cuamba komweko, ndipo Zeka ataiona anathamangira gudumu monga mwa masiku onse. Ndinayamba kumasula chingwe cha pakaliyala kuti ndimupatse nthochi zimene amayi ako anamutumizira. Atangoona chingwe m'manja mwanga, anasiya gudumu. Anaimirira mowongoka, anagundanitsa mikono yake iwiri, n'kunditambasulira. Sanalire. Ankamwetulira, ngati mwana wasukulu amene akudziwa yankho ndipo akudikira kuti mphunzitsi amuyamikire.

Luzia, ine sindinamumangepo mikono. Ndinkamumanga m'chiuno. Zimenezi anamuphunzitsa wina, ndipo anaziphunzira bwino chifukwa zinachitika kambirimbiri. Ndinamasula mabatani, n'kupinda manja a malaya aja. Sindikufotokozera zimene ndinaona. Zipsera zake unaziona wekha, zija tinakuuza kuti anapsa ndi moto.

Ndinamugwira dzanja n'kulowa naye m'chipinda chodyera anthu asanakhale pansi. Ndinati, "Amayi, ndanama. Lembaninso." Ndipo ndinayamba ndi za ine mwini, chifukwa ndinadziwa kuti ndikapanda kutero anena ndi wina. Ndinanena za mwala wofiira, za chingwe cha buluu, za miyezi imene ndinapitiriza kumumanga mabomba atatha. Ndinanena za ulendo wa Mayi Asiyatu ndi Lachiwiri limene sindinabwere. Kenako ndinakweza mikono ya Zeka. Mayi wina wa ku Amaramba, amene anali atangothokoza kumene pamaso pa onse, anaimirira osapempha chilolezo n'kupita panja, n'kubwera ndi mwana wake akumuvula malaya m'njira. Mayi waboma uja anatseka kope la mlembi n'kulamula kuti onse okhala m'nyumbamo abwere, apindidwe manja mmodzimmodzi. Chinthu chonsecho sichinathe ngakhale ola limodzi. Ndimaganizabe za zimenezo: ola limodzi, pamene ine ndinataya miyezi inayi.

Palibe amene anandimanga chifukwa cha mtengo wa mango. Mayi waboma anangondiyang'ana n'kunena kuti nkhani ngati yanga waimva m'midzi yambiri. Chinthu chimene ndinkachiopa kwambiri, mpaka kugulitsa nacho mwana wanga, chinatha ndi chiganizo chimodzi. Usalole kuti wina akugwire pakamwa ndi kulakwa kwako, mwana wanga. Udzalakwa ndithu. Tsiku lina udzaiwala mankhwala, kapena udzakalipira munthu amene sanalakwe, ndipo wina adzaona. Ukanene wekha tsiku lomwelo kwa okuyang'anira. Ukabisa, amene waonayo adzakusungira, ndipo tsiku limene iwe udzaone zake adzakukumbutsa akumwetulira.

Bambo Kalisto ndi anyamata ake anachotsedwa, nkhani yawo inapita kubwalo. Akuluakulu a nyumbayo anabwera okha kudzapepesa, ndipo anasintha zambiri. Koma Mayi Asiyatu sanaitanidwe msanga, poti dzina la wakuba sopo linali litawamatirira. Ndinakawapeza pamsika wa ku Mandimba akugulitsa nsomba zouma za ku Amaramba. Ndinaima patsogolo pawo chipewa chili m'manja.

"Mwabwera kudzagula kapena kudzalira?" anandifunsa. "Ngati n'kulira sunthirani uko, mukutchinga ogula."

Ndinati ndabwera kudzapepesa.

"Kupepesa ndamva. Nanga dzanja lanu lolemba bwino lija linathyoka? Lembani kalata kwa mabwana aja, munene kuti sopo sindinabe. Ine ndikufuna ntchito yanga. Ana aja akuwachapira ndani?"

Ndinalemba makalata asanu ndi limodzi, ndipo makolo ena anadinda zala zawo. Mvula itayamba anabwerera pa zingwe zawo zoyanikira. M'moyo wanga wonse wowerenga ndi kulemba, sindikudziwa ngati ndinalembapo china chaphindu kuposa makalata amenewo.

Nkhani ya mayiwa ikuphunzitsenso mbali inayo. Munthu wosalakwa akhoza kunenezedwa, ndipo bodza limamata msanga pa amene alibe pepala. Choncho ukaona chinthu, usathamangire kumsika nacho, ndipo usatchule munthu dzina chifukwa choti sumukonda. Lemba zimene waona ndi maso ako, tsiku lake, malo ake pathupi, amene analipo. Zimene ukuganiza uzisiyanitse ndi zimene waona. Ukapereke kwa woyenera, ndipo akakhala chete upite kwa wamkulu wake, akakhalanso chete upite kuboma monga anachitira Mayi Asiyatu. Mwina udzataya ntchito kwa kanthawi. Pakhomo pano chimanga chilipo, sudzagona ndi njala. Ndipo tsiku lina kholo likadzakukayikira iweyo, ngakhale usanalakwe, usadzapse mtima. Udzalitsegulire zitseko zonse, udzapinde wekha manja a mwana wake. Kholo lofunsa mafunso ndi labwino kuposa mmene ndinalili ine.

Udzatopanso, Luzia. Sindikufuna kuti upite ukuganiza kuti ochita nkhanza ndi mtundu wina wa anthu. Ine ndinkamukonda Zeka kuposa maso anga, ndipo ndinamumanga. Tsiku limene udzamve dzanja lako likufuna kunyamuka, udzatuluke panja, udzaitane mnzako akugwirire, ukasambe kumaso pampope. Palibe manyazi pamenepo. Lamlungu lako lopuma uzipumadi. Uzidya. Uzitilembera, ngakhale mizere itatu.

Anthu ena anatifunsa chifukwa chimene sitinamutenge Zeka zitachitika zimenezi. Tinamutenga, anakhala kuno mwezi umodzi, koma m'mawa uliwonse ankaima pamsewu kuyang'ana kumene chapa chimachokera. Kumeneko anali ndi anzake, ndipo Mayi Asiyatu atabwerera anamupatsa ntchito yoyendetsa wilibala ya zovala kuchokera pochapira kupita poyanikira. Munthu wokonda kuyenda ndi magudumu anapeza ntchito yoyenda ndi gudumu tsiku lonse. Palibe buku limene likanandiuza zimenezo. Anakhala zaka khumi zosangalala, ndipo tinkamuyendera tsiku lililonse limene tafuna, osauza munthu. Nthawi zina tinkamupeza ali mbuu ndi fumbi, malaya ong'ambika paphewa, phala lili pachibwano, ndipo mtima wanga unkakhala pansi kuposa masiku a benchi ya kutsogolo. Ndikuthokoza nyumba imeneyo, ndipo kuthokoza kwa tsopano ndi kwa munthu amene anayang'ana. Kumeneko kuli anthu abwino amene amasambitsa ana a eni tsiku ndi tsiku popanda wowaimbira m'manja. Ukawalemekeze.

Khunyu limene linkamugwetsa kuyambira ali mnyamata ndi limene linamutenga, m'mawa, atangomwa phala, wilibala yake ili pambali. Mayi Asiyatu anakwera kumbuyo kwa galimoto pamodzi ndi bokosi, msewu wonse wa fumbi kuchokera ku Cuamba. Anakhala nafe mpaka kumanda, pakati pa nyimbo za mpingo umene si wawo. Titatsegula bokosi kuti tione nkhope, ndinapeza kuti anasankha malaya a manja aafupi kuti avekedwe. Anandinong'oneza kuti, "Apite mikono ili poyera, Aphunzitsi. Alibe chobisa." Ndi pamene unandiona ndikugwada.

M'chikwama chako ndaikamo malaya atatu a Zeka amene anali kuno, ukapatse amene angamukwane. Ndaikamonso nsalu ya kapulana ya Mayi Asiyatu, yochokera kwa amayi ako. Ukapereke ndi manja awiri, ndipo akakuseka kuti mwana wa Aphunzitsi sadziwa kufinya bulangete, ukaseke nawo n'kuphunzira. Chingwe cha buluu chija chikadalipo. Amayi ako amayanikapo zovala, ndipo ndikuchiona pano ndikulemba. Ndinafuna kuchitentha kalekale, iwo anakana, anati chingwe sichinalakwe.

Ndikumva belu la njinga kumsewu, mwina ndiwe, choncho ndilekere pano. Mawa pokwera chapa mwina ndidzangoti "uyende bwino" n'kuyang'ana kumbali. Usadzadabwe, zonse zili muno.

Chotsala ndi chimodzi. Ndidzabwera ku Cuamba kudzakuona, koma sindidzatumiza uthenga. Lidzakhala Lachiwiri lina m'mawa, ndipo ndidzalowera chipata cha kumbuyo, kumene amayanika zovala. Ndidzapereka moni kwa Mayi Asiyatu, kenako ndidzapita kwa anthu amene uli kuwasamalira, n'kugwira mikono yawo mmodzimmodzi. Usadzakhumudwe, mwana wanga, ngati kuti sindikukukhulupirira. Palibe munthu amene ndimamukhulupirira kuposa mtsikana uja amene ankamasula mfundo ndi mano. Koma ana amenewo ena alibe kholo lowayendera, ndipo ine ndili ndi Lachiwiri limene sindinapite.

Mulungu akusunge, iwe ndi onse amene adzakhale m'manja mwako.

Ndine bambo ako,
Anselimo